Njinga ya a Petro ku Lavington

A Petro Chimkwita a ku Mponela analowa mu Nairobi m'chaka cha 1997 atakhala pamwamba pa katundu wa eni. Bwana Arthur Chilinda anali atapeza ntchito ku bungwe lina lalikulu la mayiko, ofesi yake ku Upper Hill, ndipo iwo ndi akazi awo, mayi Joanna, anatsogola pa ndege atavala majekete. Mipando, mabedi, mapoto ndi wophika wawo zinatsatira pa lole. Wophikayo ndiye a Petro.

Potsitsa katundu pa nyumba yatsopano ku Lavington, pakati pa matiresi awiri panatuluka chinthu chimene mayi Joanna sanachipakire: njinga yakapalasa yakuda, ya mtanda, kaliyala yake yowotcherera kwa amisiri a pa Mponela, yoti n'kukhalapo thumba la chimanga ndi mwini chimangayo.

"A Petro, ichi n'chiyani?"

"Ndi njinga, mayi."

"Ndikuona kuti si mbuzi. Yabwera kudzatani?"

"Yangondiperekeza."

Njingayo inali yakale kuposa ukwati wa abwana. Malemu bambo awo a Petro anaigula ndi ndalama za fodya, ndipo inali itanyamulapo mabelo, nkhumba, odwala ndi mkwatibwi mmodzi. Mkwatibwiyo anali wa a Petro omwewo, koma sanakhalitse. Anabwerera kwawo atauza ankhoswe kuti iye sangakhale pa mitala ndi chitsulo, poti chitsulocho chimapukutidwa m'mawa uliwonse pamene iye sanafunsidwepo n'komwe ngati wadzuka bwino. Ankhoswe anayang'ana njinga ili waliwali pakhonde, anayang'ana mkazi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsono Lavington si Mponela. Kumeneko mipanda ndi italiitali, agalu ndi onenepa kuposa ana a sukulu, ndipo munthu woyenda pansi ndi mlonda, wantchito, kapena mzungu wothamanga popanda womuthamangitsa. Aliyense wodziwika ndi dzina amatuluka pa geti ali m'galimoto, mawindo otseka. M'dziko lotero ndi mmene a Petro ankadutsa msana uli chilili, miyendo ya buluku atamanga ndi mphira, chipewa pamutu, belu likulira ngiringiri kwa aliyense, kaya ndi Pajero ya kazembe kaya ndi galu.

Mayi Joanna anali mayi wofuna kuti anthu aiwale kuti anakulira ku Ndirande. Ankayesetsa ndithu, ndipo zikanatheka pakanapanda njinga. Tsiku limene anaitana amayi a mapemphero, onse akazi a mabwana, a Petro analowera pa geti yakutsogolo nkhuku zamoyo zili lendelende pa handulo, zikukuwa ngati zikudziwa kumene zikupita. Lamulungu lina anaiimika pakati pa magalimoto pa tchalitchi, pa malo enieni a galimoto, n'kuika mwala kuseri kwa tayala. Mayi wina wolemekezeka, galimoto yake itachedwa kudzamutenga, a Petro anapukuta kaliyala ndi mpango n'kunena kuti, "Kwerani mayi, ingogwirani chishalo, ine ndilibe manyazi." Amene anali ndi manyazi ndi mayi Joanna.

Usiku njinga inkagona m'chipinda cha a Petro kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bedi. Ankati akuba a mu Nairobi akhoza kukuvula nsapato uli mkati moyenda, iwe osadziwa mpaka utaponda minga. Pa zimenezo sananame kwenikweni. Koma mantha omwewo ndi amene anawapalamulitsa. Abwana ataiwala magalasi awo kunyumba, a Petro anatumidwa kukawapereka ku ofesi. Anafika pansi pa nyumba yosanja ya ku Upper Hill ija, anayang'ana malo oimika njinga, anayang'ana nkhope za anthu oima pafupi, osakhutira nazo. Mlonda atatembenuka kuti ayankhe foni, iwo anaikoka njinga, kuiimika chilili m'chikepe, n'kukwera nayo. Chitseko chitatseguka kumwamba, akuluakulu a bungwe amene ankatuluka mu msonkhano anakumana ndi tayala lakutsogolo likuzungulirabe.

Madzulo ake mayi Joanna anawaitanira pabalaza, malo amene a Petro ankalowamo pokolopa pokha.

"Mvetserani bwino, a Petro. Ine kuphika kwanu ndilibe nako mawu. Koma chinjinga chanucho chikangotichititsanso manyazi, kamodzi kokha, chituluka pa geti iyi osabweranso. Mukafuna mudzatuluke nacho."

"Mako ndi mako, mayi, usamuone kuchepa mwendo."

"Mayi anu ali ku Dowa. Ichi n'chitsulo."

Abwana anali kuseri kwa nyuzipepala, kumene ankakhala nthawi zonse mphepo ikaipa.

A Petro anadziletsa ndithu. Nkhuku zinayamba kulowera kuseri, belu linachepa mkamwa. Pafupifupi chaka chathunthu chinadutsa njinga ili ngati mpongozi watsopano, yoyenda mozemba ndi mwaulemu.

Koma panali kanthu kamodzi kamene a Petro sanafunsepo munthu, ndipo safunsa anadya phula. Kwathu ukaona masamba aawisi atayalidwa pamsewu umadziwa kuti pamudzipo pagwa zovuta. Wagalimoto amachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi. Wanjinga amatsika, kuvula chipewa, n'kuikankha mpaka atadutsa masamba a mbali inayo. Ukadutsa uli pachishalo adzukulu amakugwira, ndipo nkhuku imakutuluka. A Petro anakula nazo zimenezo, ndipo ali mnyamata anagwirapo okha anthu amwano otero. Mu Nairobi anali atawaonapo masamba otere mwa apo ndi apo ku msewu wa Ngong. Ankatsika, kuvula chipewa, kukankha. Sankaona nyumba ya siwa kapena kumva kulira, koma ankati anthu a kuno amalirira kuseri kwa mipanda, monga amachitira china chilichonse. Chimene chinkawawawa n'choti ma matatu, timabasi tawo tija, ankadutsa pa masambawo nyimbo zili pokopoko. "Dziko lopanda mwambo," ankatero mumtima, n'kukwera.

Mu Febuluwale wa 1999 abwana anakwezedwa pa ntchito, ndipo mayi Joanna anakonza phwando la Amalawi onse odziwika mu Nairobi. Analengeza paliponse kuti kudzakhala chambo, chenicheni cha kwathu, osati nsomba za ku Kisumu zimene amati zimangofanana nacho nkhope ngati mwana wa kuchibwenzi. Chambocho chinabwera pa ndege ndi mayi Carol, mnzawo amene ankakhala ku Embakasi pafupi ndi bwalo la ndege, mnzawo wa mtundu uja woti mumapsompsonana patsaya kwinaku mukuwerengana makwinya. M'mawa wa tsiku la phwando mayi Carol anaimba foni kuti furiji yawo yadzaza, katoni ili pakhonde ndi madzi oundana, atumize munthu msanga.

Galimoto inali itapita ndi abwana kokagula zakumwa. Mayi Joanna mutu unali m'manja mwa womanga tsitsi.

"A Petro, nayi ndalama. Mukwere matatu mpaka m'tauni, mukatenge ina ya ku Embakasi. Pobwera mutenge takisi. Mwamva? Takisi."

"Ndamva, mayi."

Anamvadi. Koma a Petro ma matatu ankawaopa kuposa ufiti. Ankati munthu umalowamo uli Mkhristu n'kutulukamo utatukwana. Komanso kukwera galimoto ya eni njinga yako ili m'nyumba, matayala ali gwa, kunali ngati kukadya kwa aneba mkazi wako ataphika. Anaitulutsira ku geti yakuseri, mlonda wa panyumbapo n'kuyang'ana kumwamba.

Ulendo wopita unayenda ngati madzi. Anatsetsereka ku Upper Hill, kulowa msewu wa Mombasa, malole akuwapemerera utsi kumaso, iwo ali nga pa handulo. Kwa mayi Carol anamangirira katoni pa kaliyala ndi malamba a chubu, mayiyo ataima pakhonde manja m'chiuno.

"Joanna watuma njinga? Zinthu zavuta chomwechi ku Lavington?"

"Ayi mayi, galimoto zilipo. Koma nsomba imakonda mphepo."

Dzuwa la mwezi umenewo mu Nairobi silicheza. Pamene ankabwereranso pa msewu waukulu linali lili paliwombo, phula likunyezimira. Anapalasa mwamphamvu, akuwerengera mumtima kuti akafika mayi asanachoke pa mpando wa tsitsi, ndipo ndalama ya takisi akaibweza yonse kuti mayi aone okha ubwino wa njinga.

Asanapite patali, masamba pamsewu.

Anatsika, chipewa m'manja. Nthambi zake zinali zotalikirana, ndipo anakankha mtunda ndithu, kudutsa lole ina yoima pambali, osaiyang'ana n'komwe, poti pamaliro maso sayendayenda. Atadutsa nthambi yomaliza anakwera. Madzi anali atayamba kudontha pa madigadi akumbuyo.

Kutsogolo pang'ono, pamene msewu umadutsa m'chidikha chopanda nyumba, masamba enanso. Apa panali chilole chachitali cha matayala osawerengeka, chitaima mopendekeka. M'mbali mwake, pa kamthunzi kopyapyala, munakhala amuna angapo, mitu ili pansi, nkhope zakugwa, maso ofiira ngati anthu amene sanagone. Wina anagwira tsaya. Ndipo kunsi kwa lole, pa makatoni oyala, panagona munthu atafunditsidwa bulangete kuyambira kumutu. Kunkaoneka mapazi okha, ong'aluka zidendene, ali njo kuloza kumwamba.

A Petro mtima unagwa. Nambala ya lole inali yachilendo, kusonyeza kuti anthuwa anali a kutali. Munthu wafera pamsewu, m'dziko la eni, popanda mayi woti amulire, popanda ndi nyumba yomwe yoti agonemo komaliza, magalimoto akungodutsa vuu, vuu, ngati pagona galu. Anadziona okha atagona chomwecho tsiku lina kuseri kwa nyumba ya ku Lavington, mayi Joanna akufunsa ngati zingatheke kuti thupi lichoke alendo asanafike. Maliro a pamudzi ukhoza kungodutsa mwaulemu, poti olira alipo ambiri. Koma awa, anthu owerengeka chonchi? Munthu wobadwa kwa anthu sakanadutsa.

Anatsamiritsa njinga pa chikwangwani, padzuwa, poti mthunzi wonse unali wa anamfedwa. Anayandikira mowerama, n'kukhala pansi chapatali pang'ono, miyendo atatambasula, chipewa pa bondo. Kenaka anapereka Chiswahili chawo chonse chimene chinkayenera pamalopo.

"Pole. Pole sana."

Amuna aja anayang'anana. Wamkulu wa iwo, wa ndevu zaimvi, anagwedeza mutu mwachisoni n'kuyankha kuti asante. Wina anatsanulira tiyi wa pa kambaula m'kapu yachitsulo n'kuwapatsira. A Petro sankafuna tiyi pa dzuwa limenelo, koma cha pamaliro sakana. Anamwa.

Tsono kwathu ukakhala pa maliro sunyamuka wekha ngati wakhuta. Umadikira mmodzi wa eni ake abwere, akugwire dzanja, akufotokozere mmene zinayambira, kuti anadwala liti, anamutengera kuti, watisiya nthawi yanji. Ukamva, ndiye upepese, upemphe njira. A Petro anadikira. Eni ake sanasunthe. Anaganiza kuti chisoni chawakulira, ndipo kuti awalimbitse mtima anayamba kung'ung'udza nyimbo ya m'buku, ija yoperekezera, motsitsa mawu. Mmodzi wa amunawo anayamba kugwedeza phazi motsatira. A Petro anaona kuti nyimbo yagwira, n'kupitiriza mavesi onse, kenaka ina.

Kumbuyo kwawo katoni inali italeka kudontha. Ntchentche za mu Embakasi monse zinali zitauzana.

Mthunzi wa lole utasuntha ndithu, kamphepo kanatembenuka n'kubweretsa fungo. A Petro analimva, ndipo anapukusa mutu mwachifundo: dzuwa lotere, thupi silingadikire. Ankaganiza zoti awalangize anthuwa kuti afulumire nazo. Ntchentche zina zinasiya katoni n'kukatera pa mapazi aja.

Phazi lina linakanda linzake.

Nyimbo ya a Petro inathera pomwepo. Bulangete linagwedezeka, linatukwana, kenaka malemu anadzuka n'kukhala tsonga, kugunda mutu ku chitsulo cha lole, kutukwananso kachiwiri, n'kufunsa mokalipa kuti ndani wabweretsa chonunkha.

Za mmene a Petro anafikira kuseri kwa chikwangwani anthu amasimba mosiyana. Ena amati anakwawa, ena amati anauluka. Chodziwika n'choti kapu ya tiyi inapezeka tsidya lina la ngalande, ndipo iwo anali atakumbatira njinga, akutchula Yesu ndi malemu bambo awo mosinthanasinthana.

Wandevu uja, dalaivala wa lole, dzina lake Charles, anatchera khutu. Anali atayendapo ndi katundu mpaka ku Kanengo zaka zam'mbuyo, ndipo Chichewa anali nacho cha m'thumba.

"Achimwene, inu Malawi?"

"Eya. Munthuyu... anali atamwalira?"

"Uyu? Uyu makanika. Kugona basi. Ntchito yake kugona."

"Nanga masamba aja?"

Charles anayang'ana nthambi pamsewu, anayang'ana chipewa chili m'manja mwa a Petro, ndipo chinthu chinamubwerera m'mutu, mwina mudzi wina wa ku Kasungu kumene anamuimitsapo. Anayamba kuseka mpaka kukhala pansi. Atapeza mpweya anafotokozera anzake, nawonso n'kugwa uku ndi uku, makanika yemwe akuseka atagwira chotupa pamutu.

"Kuno masamba ndi galimoto yawonongeka, achimwene. Kuti ena asagunde. Ife tikudikira chitsulo kuchoka Mombasa. Koma nyimbo yabwino. Imbani ina."

A Petro sanaimbe ina. Anavala chipewa, kukwera, n'kupalasa ngati akuthawa ngongole ya mowa, gulu la ntchentche likuwaperekeza ngati apolisi a pulezidenti.

Anafika ku Lavington magalimoto a alendo atadzaza kale mpaka kunja kwa mpanda. Mayi Joanna anawapeza kukhitchini, tsitsi lili nganinganii, nkhope ili ngati mvula ya Januwale. Sanafunse za takisi, poti njinga inali poonekera pawindo, ikupuma. Anatsegula katoni, n'kuitseka msanga.

"Munali kuti?"

"Ku maliro, mayi."

"A ndani?"

"Anadzuka."

Mayi Joanna anatseka maso kanthawi. Kenaka anachita zimene mayi wa ku Ndirande amachita zinthu zikathina, ndipo apa tiwapatse ulemu wawo. Anakoka abwana pakati pa alendo, kuwanong'oneza, ndipo abwana anazemba ndi galimoto n'kubwera ndi nsomba za ku Kisumu zodzaza beseni. A Petro anazikazinga, kuthira tomato ndi anyezi. Alendo anadya mpaka kuyamwa mitu. Mkulu wina wa digiri ziwiri anaimirira n'kunena kuti lilime silinama, chambo ndi chambo, nsomba za kuno ndi thonje lonyowa. Anthu anawomba m'manja.

Mayi Carol okha ndi amene ankatembenuza nsomba yawo ndi foloko mwachidwi.

"Joanna, zakula bwanji m'njira? Ine ndinanyamula zing'onozing'ono."

Pofika Lamulungu nkhani inali itafika ku tchalitchi, ku Embakasi, ndi kwa ophunzira a ku yunivesite amene sanaitanidwe n'komwe. Ya masamba inatuluka ndi mlonda, amene a Petro anamuuza mwachinsinsi. Mpaka lero Amalawi ena akale a mu Nairobi akaona lole yafa pamsewu amavula chipewa n'kufunsana kuti mwambo uli nthawi yanji.

Chigamulo cha mayi Joanna chinagwa m'mawa wotsatira phwando lija.

"Dzuwa likamalowa ndisachione pano. Kaya mugulitsa, kaya mutaya, kaya mukachiika m'manda ndi nyimbo zanu zija."

"Bwana..." anatero a Petro, kuyang'ana ku nyuzipepala.

Nyuzipepala inakwera pang'ono.

Kugulitsa sakanatha. Kusiya ntchito, m'dziko la eni, analibe kolowera. Anaikankha kutuluka pa geti, osakwera, ngati munthu woperekeza mbuzi yake kwa ogula nyama. Kuseri kwa Lavington, ukangodutsa mipanda yomaliza, kuli Kawangware, kumene kumagona anthu amene amachapa, kuphika ndi kulondera m'mipandamo. Kumeneko a Petro ankagulako masamba a ndiwo ndi makala pa kagolosale ka malata ka mayi wina wamasiye, Consolata, wochokera ku Busia, kumalire ndi Uganda. Kwawoko njinga ndi galimoto, ndi ambulansi, ndi chuma. Consolata anaizungulira njinga ya a Petro monga mmene ogula ng'ombe amachitira, anatsina tayala, anagwedeza foloko, anakweza kumbuyo n'kupukusa pedulo kuti amve kulira kwa tcheni.

Ankalankhulana Chiswahili chothyokathyoka chothandizidwa ndi manja, koma anamvana.

"Ndisunga," anatero Consolata. "Koma pano palibe chogona chabe. Ngakhale mphaka amagwira mbewa. M'mawa izikanditengera matumba ku msika."

"Wopalasa ndani?"

"Ine. Mukuona ngati miyendoyi ndi yokongoletsera?"

A Petro anayang'ana miyendoyo, n'kubweza maso msanga.

Kuyambira pamenepo, madzulo aliwonse akatsuka mbale ku Lavington, a Petro ankatsetserekera ku Kawangware wapansi, kansanza m'thumba, kukapukuta njinga yawo. Ankaipeza ili mbuu ndi fumbi la makala, kaliyala ikununkha kabichi. Ankadandaula, Consolata n'kuwapatsa tiyi kuti atseke pakamwa. Usiku njinga inkagona m'chipinda cha Consolata, pafupi ndi bedi, ndipo a Petro sankachoka asanaone ndi maso awo kuti yalowa bwino, yatsamira khoma loyenera. Kuona kumeneko kunayamba kutenga nthawi.

Alongo ake a Consolata, amuna awiri otalika ngati mitengo ya magetsi, anabwera kuchokera ku Busia atamva mphekesera. Anawapeza a Petro atagwada pakhomo akuthira mafuta tcheni.

"Bambo, mumafuna chiyani m'nyumba ya mlongo wathu tsiku ndi tsiku?"

"Ndimadzaona njinga."

"Njinga imeneyi ndiye yamupatsa mimba?"

A Petro anayang'ana njinga ngati ingawayankhire. Ukwati unachitika mosachedwa, ndipo bwana Arthur, amene anaima ngati nkhoswe, anatuluka kuseri kwa nyuzipepala tsiku limenelo n'kuvina mpaka kutuluka thukuta. Mayi Joanna anapereka mapoto. Ankaoneka osangalala kuposa mkwatibwi, poti chitsulo chija tsopano chinali vuto la mkazi wina.

Zaka zinapita. Njinga inadya misewu ya Kawangware, ya maenje oti mwana akhoza kusambiramo, ndipo misewuyo inaidyanso. Limu lakutsogolo linapindika pa ngalande, Consolata n'kugula lina. Chishalo anaba anyamata pa msika, Consolata n'kugula china. Tcheni, mapedulo, handulo imene inathyoka tsiku limene matatu inawakankhira mu ngalande a Petro pamodzi ndi thireyi ya mazira, zonse ankasintha ndi Consolata, osadandaula, akungoti, "Siyani, ndikonza." A Petro ankauza anthu kuti anapeza mkazi womvetsa.

Mu 2004 ntchito ya abwana inatha, banja likubwerera ku Lilongwe. Mayi Joanna, amene ukalamba unali utayamba kuwafewetsa, anawaitana a Petro pabalaza pakati pa makatoni.

"Lole inyamuka Loweruka. Malo anu alipo. Mayi a mwana adzakutsatirani mukakakhazikika, kapena mmene mungagwirizanire. Ndipo chinjinga chanu chija, katengeni. Ndakhululuka."

A Petro anatsikira ku Kawangware mtima uli m'mwamba. Anadziona kale ali pa msewu wa ku Mponela, fumbi lofiira, anthu akuloza kuti si ija inapita ku Kenya ija. Anapeza Consolata akuyeza makala m'zitini, mwana akusewera pansi. Anafotokoza zonse, kuti iwo atsogola, akakonza malo, adzawaitana.

Consolata anamvetsera mpaka kumapeto. Amuna otsogola kukakonza malo anali atawaonapo ambiri mu Kawangware, ndi akazi awo omwe, amene akudikirabe. Sanakalipe. Anapukuta manja, analowa m'nyumba, anatulutsa njinga ndi sipanala, n'kukhala pa mpando.

"Pitani bwino, baba. Katundu wanu tengani. Wanga atsale."

Anayamba ndi tayala lakutsogolo, n'kuliika kumbuyo kwake. Kenaka lakumbuyo. Chishalo. Tcheni anachikulunga bwinobwino mu nyuzipepala. Anthu ogula makala anasiya kugula n'kuima mozungulira. A Petro ankangoti kukamwa yasa, poti chilichonse chimene chinkachoka ankakumbukira tsiku limene chinagulidwa, ndi amene anachigula. Handulo itachoka, Consolata anaimirira n'kuwapatsira chotsalacho ndi manja awiri, mwaulemu wonse: fulemu yokha, yopepuka ngati mpando wa mwana, utoto utasupuka.

"Ichi ndiye chinachokera kwanu. Moni kwa onse."

A Petro anaima nayo fulemu paphewa. Anayenda mpaka pa ngodya ya msewu, ana akuwatsatira n'kumafunsa ngati akugulitsa. Anaima pamenepo nthawi yaitali, akuyang'ana kumtunda kumene kuli mitengo ya Lavington, n'kuyang'ananso kumbuyo kumene matayala awo anatsamira khoma la malata. Kenaka anabwerera, anakhala pansi pafupi ndi mulu wa zitsulo, n'kutambasula dzanja. Consolata anawapatsa sipanala osawayang'ana, akupitiriza kuyeza makala.

Loweruka anapita kukathandiza kupakira. Anafika pa geti yakutsogolo ali pachishalo, poti panalibenso woti awachotse ntchito. Mayi Joanna anayang'ana njinga, anayang'ana kaliyala yopanda chikwama.

"Katundu wanu ali kuti, a Petro?"

"Pitani bwino, mayi. Mukapereke moni ku Dowa."

"Mwasankha mkazi? Ndiye mwakula."

A Petro anakanda m'mutu, poti kunama sankakutha.

"Matayala ndi ake, mayi."